Amuna Anga a ku Usisya

Amuna anga anabadwira pa Bua, pomwe mtsinje umathirira m'nyanja, koma mukawafunsa kwawo ankati ndi ku Usisya. Bambo awo ndiwo anachokera kumpotoko ali mnyamata, potsata nsomba, nkukhazikika kuno mpaka imvi. Atamva kuti thupi layamba kukana, mkuluyo anakwera sitima nkupita kukafera kwawo. Amuna angawo ku Usisya anapondako pa maliro pomwepo basi, ndipo anabwerako akudandaula kuti anthu akumeneko amalankhula mothamanga, iwo ankangotolako mawu apa ndi apo. Komabe kwawo kunali komweko. Anthu akumpoto amati mwana ndi wa bambo, ndipo kumene bambo wako wagona ndiye kwanu. Ife kuno kwa Malengachanzi timatsata kwa mayi. Ine ndinkaziona ngati nkhani yongosekera.

Anali mphunzitsi pa pulayimale ya m'mudzi mwathu. Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi. Enawo ankapita ali akhanda. Mwanayu kuyambira atangodziwa kulankhula, bambo ake akamafika kuchokera kusukulu ankaima pakhomo nkumufunsa ndi mawu a m'kalasi, “Mtsikana iwe, kwanu nkuti?” Iye nkukuwa, “Ku Usisya!” Iwo nkuti, “Wakhoza!” nkumunyamula m'mwamba, choko chili mbuu m'manja. Ine ndinkawauza kuti mukumupusitsa mwanayu, Usisya wakeyo angamuloze mbali iti? Iwo ankangoseka. Anapitiriza masewerawa ngakhale mwana atakula moti sanganyamulidwe.

Ndiye panali achimwene anga, amene ndinapondana nawo. Iwowa anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Sanali munthu woipa, ndinene zoona. Ankangokhulupirira ndi mtima wonse kuti boma silingalakwe, monga momwe mayi athu ankakhulupirira za wansembe. Lamulungu lililonse tikatuluka misa, iwo ndi alamu awo ankakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba yathu nkumasewera bawo, uku akukangana za ndale.

Ana a lero amandifunsa kuti, chipani chinali chimodzi, ndiye mumakangana chiyani? Ha! Tinkakangana, inu. Pa chisankho cha phungu ankaimika anthu a chipani chomwecho kuti tisankhepo mmodzi, ndipo mudzi unkagawikana ndithu. Chisankho chimene ndimakumbukira kwambiri panaima mkulu wina amene anagwirapo ukalaliki kuboma, ndi wina wamalonda, mwini malole. Achimwene ankafuna wamaloleyo chifukwa analonjeza kuti msika wa boma wogula mpunga ubwera pafupi, tisiye kusenza matumba mpaka kumsewu. Amuna anga ankafuna kalaliki uja.

“Alamu, ganizani bwino,” ankatero. “Munthu amapeza phindu ponyamula mpunga wanu pa lole, ndiye akubweretsereni msika pakhomo? Malolewo adye chiyani?”

“Inu aphunzitsi vuto lanu nlomweli, chilichonse mumachiona ngati samu.”

Ankakwezerana mawu mpaka nkhuku kuthawa. Koma nkhani ikangokwera kupitirira phungu, onse awiri ankatsitsa mawu nkuyang'ana pa bawo. Achimwene akaona kuti akugonja, kaya pa bawo kaya pa mtsutso, ankatulutsa mawu awo aja: “Alamu, voti yanu mukaponye ku Usisya. Za mpunga wathu zikukukhudzani pati?” Amuna anga nkuyankha, “Mpunga wanuwo ndimadya ndine, ndi mlongo wanu yemwe ndinatenga.” Nkuseka onse, nkumenyana m'manja. Chilamu chimatero. Wamalole uja anapambana, ndipo msika sunabwere.

Lamulo lochotsa aphunzitsi tinalimva pa wailesi. Ine ndinali kupeta, amuna anga akumata chubu cha njinga. Anati aphunzitsi ochokera kumpoto amaphunzitsa ana a m'zigawo zina mwaulesi dala, kuti ana akwawo okha ndiwo azikhoza, choncho onse abwerere kwawo. Amuna anga anangoti, “Ehe.” Anapitiriza kumata chubu chija.

Patapita masiku kunachitika msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Amayi tinavala nsalu zathu zachipani nkuvina, inenso ndinavina, nanga ukanakhala pakhomo unene kuti chiyani? Pakamwa pankaimba, miyendo inkaponda, koma ine mwini ndinalibepo. Achimwene anaimirira nkulankhula. Anati boma laona patali, ana athu akhala akuponderezedwa nthawi yaitali, tsopano maso atseguka. Amuna anga anali pa benchi ya aphunzitsi, atavala tayi. Anthu ataomba m'manja nawonso anaomba.

Masana ake achimwene anabwera kunyumba, osachita nkomwe manyazi. Ine ndinawalandira ndi moto.

“Achimwene, ana anu onse aja anaphunzira kulemba m'manja mwa yani? Wamkulu uja ali ku sekondale lero, anamukhozetsa ndani? Mzukwa?”

“Aa, mlongo, khala pansi. Ine sindimanena alamu. Alamu ndi akonkuno.”

“Nanga mumanena yani, alamu?” anafunsa amuna anga mofatsa. “Mayi a sitandade wani aja a ku Rumphi, amene amasambitsa ana anu akadziipitsira m'kalasi?”

Achimwene anakanda m'mutu. Anati lamulo palokha ndi labwino, dziko lonse silingayendere munthu mmodzi kapena awiri, ndipo ngati akuluakulu anena ndiye kuti pali chimene aona. Amuna anga anati iwonso maso ali nawo, ndipo chimene aona ndi ana okhala pansi pa mtengo opanda buku. Ndinaona achimwene akuyang'ana kumpanda ngati kuli munthu, ndipo mtsutso unathera pomwepo.

Koma anabwera ndi nzeru. Anati aphunzitsi obadwira kuno, amene makolo awo okha ndiwo anachokera kumpoto, nkhani yawo inali pakatikati, ndipo akawaitana ku ofesi ya maphunziro kuboma kukawafunsa pamaso. “Mukangonena kuti kwathu ndi pa Bua, boma la Nkhotakota, basi. Si bodza, munabadwira pomwepo. Ine ndipita nanu, ndikaikira umboni monga tcheyamani. Mawu anga kuboma amamveka.”

Ine ndinadziwa chimene chinali kuwavuta amuna anga, ndipo chinandikwiyitsa.

“Bambo a mwana, tamverani. Bambo anu anagona, sakumva. Amene tikumva ndife, ine ndi mwanayu. Mukapita, ife titsala ndi yani?”

“Ndamva, mayi.”

“Ayi, simunamve. Tanenani ndimve. Kwanu nkuti?”

“Pa Bua.”

Ndinawabwerezetsa masiku onse otsatira, pakudya, popita kusukulu, ngati mwana wa katekisimu. Ankayankha bwinobwino. Ndinafika pokhulupirira kuti zatheka.

Tsiku lake anapita awiriwo m'mawa, aliyense pa njinga yake. Pobwera anabwera padera. Anayamba kufika achimwene, thukuta lili kamukamu, nkugwetsa njinga pabwalo osaiimika.

“Mlongo, amuna akowa ndi munthu wamtundu wanji?”

Anandifotokozera ali chiimire. Anati bwana wa maphunziro uja anali munthu wabwino, ndipo zinkaoneka kuti akufuna kuthandiza. Anawapatsa mpando, nkufunsa, “Aphunzitsi, kwanu kwenikweni nkuti?” Amuna anga akuti anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako nkuti, “Ku Usisya.” Achimwene anatsokomola, nkuwaponda phazi. Bwana uja anachita ngati sanamve, nkufunsanso kuti munabadwira kuti. Anati pa Bua. “Ndiye kwanu ndi pa Bua, eti?” Iwo nkuti, “Iyayi bwana, pa Bua tinangobwera. Bambo anga agona ku Usisya.”

“Ndinachita manyazi, mlongo. Munthu akumutsegulira chitseko, iye nkuchitseka yekha!”

Amuna anga anafika dzuwa litapendeka, akukankha njinga. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwalase nawo, koma nditawaona ndinangowaikira madzi kubafa. Atasamba anakhala pakhonde nkunena osandiyang'ana, “Ndinayesa, mayi. Mawu aja anafika apa pakhosi. Koma ndinaona ngati ndikuwasiya bambo okha kuphiri kuja, opanda mwana.” Ndinati chabwino. Sindinalire, sindinakalipe. Mumtima munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinakhala choncho miyezi yambiri, ndikuphika, ndikuchapa, ndikuyankha moni.

Anawatumiza ku sukulu ina ya kumapiri, kumtunda kwa Usisya komweko, kopanda nyumba ya mphunzitsi. Ine kupita nawo sikukanatheka. Mayi anga anali atasiya kuona, munda wa mpunga unali wa kwathu, ndipo mwana anali mu sitandade eyiti, mayeso ali pafupi. Achimwene anabwera, ulendo uno osati monga tcheyamani koma monga mwini mbumba, nkunena kuti mwana sapita. Anawonjezanso zimene zinkamveka masiku amenewo, zoti malo a sukulu zapamwamba aziperekedwa poyang'ana kumene mwana amachokera, ndipo wolembedwa kuti ndi wakumpoto adzavutika ngakhale akhoze bwanji. Ndinkayembekeza kuti amuna anga alimbana nawo, poti kwawo mwana ndi wa bambo. Sanatsutse. Anangofunsa kuti, “Zoona zimenezo, alamu?” Achimwene anati ndi zimene amva kwa akuluakulu. Aka kanali koyamba kuona awiriwa akugwirizana pa nkhani ya boma.

Lole ya boma inabwera m'mawa, itanyamula kale aphunzitsi ena ochokera m'masukulu a kumwera kwathu. Pamwamba panali matiresi, ndowa, mipando, nkhuku zomanga miyendo, ndi ana atakhala pa mitolo. Mayi a ku Rumphi aja anakwera osatsanzika munthu. Ana asukulu anaima m'mbali mwa msewu kumangoyang'ana, poti panalibe amene anawauza ngati nkololedwa kubayibitsa. Achimwene anabwera atavala baji yawo pachifuwa, nkusenza matiresi a alamu awo kukweza pa lole. Anamanga chingwe, nkuchimasula, nkuchimanganso, osayang'ana munthu kumaso.

Amuna anga anandigwira dzanja nkunena kuti abwera pa holide. Kenako anaitana mwana. Anali atatalika kufika paphewa pawo. Anaima patsogolo pake, manja kumbuyo, monga ankaimira pakhomo paja.

“Mtsikana iwe, kwanu nkuti?”

Mwana anamwetulira, misozi ili m'maso. Anaganiza kuti bambo ake akufuna kumusangalatsa komaliza.

“Ku Usisya.”

“Ayi. Walakwa. Yankhanso.”

Mwana anandiyang'ana ine, nkuyang'ana atsibweni ake. Palibe anamuthandiza.

“Ku Usisya, ababa.”

“Ndati walakwa. Amayi ako kwawo nkuti?”

“Konkuno.”

“Nanga iwe kwanu nkuti?”

Dalaivala analiza hutala. Mwana anayang'ana pansi, chimodzimodzi momwe achimwene anati bambo ake anayang'anira mu ofesi muja. Ine ndinkangoona ngati zikuchitikira anthu ena.

“Konkuno,” anatero, mawu osamveka bwino.

“Kweza mawu. Akakufunsa kusukulu, kuboma, kulikonse, uzikweza mawu.”

“Kwathu ndi konkuno, kwa Malengachanzi.”

“Wakhoza,” anatero bambo ake.

Sanamugwire. Anatembenuka, nkuponda pa tayala, anzawo nkuwakokera m'mwamba. Anakhala pa matiresi awo chofulatira, ndipo lole inanyamuka. Mwana analowa m'kalasi, poti belu linali litalira kale. Achimwene anayamba kunena kuti mwina lamuloli silikhalitsa, koma nditawayang'ana analeka. Ine ndinatenga chitini changa choingitsira mbalame nkupita kudambo, chifukwa mpunga unali utayamba kucha ndipo mbalame zinali zitalowamo kale.