Tinakayala Kaunjika pa Geti la Yunivesite

Matipate atangobwera ndinasiya ganyu n'kuyamba kaunjika. Ndinkapikula belo ku Limbe, n'kumazungulira nalo pa njinga, lero Mbulumbuzi, mkuja Namitambo, kulikonse komwe kwagwa msika. Belo umagula lomanga, mwini sitolo salola kusuzumira. Umakamasulira kunyumba, ndipo m'pamene umadziwa ngati mwezi umenewo udya nyama kapena bonongwe.

Chaka china mwini sitolo anandilumbirira kuti belo ndi la malaya a ana. Nditamasula ndinapeza mabedishiti okhaokha, amene kale anali oyera, ambiri a madontho. Pa Namitambo mayi wina anatambasula limodzi, kuliyang'ana padzuwa, n'kundifunsa kuti mwini wake anamwalira ndi matenda anji. Ndinawabweza onse n'kuwaponya kudenga kwa achemwali anga ku Kadewere, poti kwanga akazi anga anati asawaonenso.

Achemwaliwo anali ndi mwana wamkazi, panthawiyo ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Kwathu Khirisimasi ikamayandikira azimayi amazira nyumba n'kukongoletsa makoma ndi dothi lofiira, lakuda la kudambo, ndi phulusa. Ambiri amalemba maluwa ndi mizeremizere. Mwana uyu ankalemba anthu. Tsiku lina ndikufika ndinapeza gulu la ana ndi azimayi kuseri kwa nyumba akufa nazo ziseko. Pakhoma panali ine, ndikukankha njinga ya belo, khosi patsogolo, kukamwa yasa ngati ndikumeza dzungu. Ndinati pakamwapo wandinamizira. Achemwali anati wachepetsa.

Mvula ya Januwale inandikokolola pakhomapo pamodzi ndi njinga yomwe. Chaka ndi chaka zinkatero, zonse zimene mwanayo walemba zinkabwerera pansi.

Ndiye tsiku lina anandipeza ndikupopa njinga.

"Amalume, nsanza zija kudengazi mukusungira makoswe?"

Ine chizolowezi chinandigwira. Ndinayamba kuti si nsanza zimenezo, ndi katundu wa kunja, thonje lenileni, azungu ankagonapo.

Anatsitsa limodzi, n'kuligwira m'manja. "Madontho okhaokha. Apa ndi pong'ambika. Likununkhanso nkhungu."

Koma sankalitula pansi. Pamsika tonse timadziwa zimenezi: munthu wosafuna chinthu amachiyamikira, amati n'chabwino, ndibweranso, n'kupita osabweranso. Amene akuchipezera zifukwa chili m'manja mwake, ameneyo wagula kale mumtima, akungofuna umutsitsire. Ndinamuuza kuti magazi anga ali mwa iye ndithu, ndipo tinagwirizana kuti azindisitira malaya a msika, mabedishiti atenge.

Anapeza yekha njira yoti dothi ligwire pansalu, ankalisakaniza ndi phala la chinangwa. Anawonjeza makala, buluu wochapira zovala, ndi polishi wa nsapato za abambo ake, zomwe zinabweretsa mlandu wina. Madontho aja sankawabisa. Lina linasanduka mthunzi wa mtengo wa mango, lina chigamba pa thalauza la wokhoma ndowa.

Anakhoza Fomu 4 bwino, mokwanira kukalemba mayeso olowera ku yunivesite. Pofunsira malo munthu ankasankha maphunziro amene akufuna, oyamba pamwamba. Iye ankafuna kumene amaphunzitsa zojambula. Abambo ake ankafuna unesi.

Alamu angawo ndisawanamizire. Anakhala zaka zambiri pa chipatala cha mishoni akukankha odwala pa njinga, kunyamula machira, kuyankha kuti inde anesi kwa atsikana oti akanatha kukhala ana awo. Ankafuna tsiku lina nesi wodutsa m'khondemo adzakhale wawo. Ndani angawadzudzule?

Tinakhala pansi Lamulungu atabwerako ku Misa. Alamu anali pampando, ine pa mtondo wogwadika, achemwali ndi mwana pamphasa.

"Unesi," anatero alamu. "Zojambula azijambula Loweruka akaweruka."

Mwana ankakanda pansi ndi kamtengo. Achemwali ankayang'ana ine. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mawu omaliza pa ana a mlongo wako amakhala ako iwe malume. Mawu amenewo ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito chibadwire. Ndinakonza kukhosi.

"Alamu, mwanayu ndi wa mbumba yanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Umalume umenewu mwaupeza m'belo liti? Fizi ndinkalipira ine, inu muli kumsika kulimbana ndi azimayi za mabulauzi."

Achemwali anabisa nkhope m'chitenje. Inenso ndinaseka, poti zinali zoona. Koma pamsika ukasekedwa suchoka, umangosintha mayimidwe.

"Mwanena zoona. Koma imvani izi. Ine ndimagula belo lomanga chifukwa sandilola kuona. Mwanayu tisamutero. Ndipita naye kwa amene amaphunzitsa zojambulazo akaone nsalu zakezi. Akakati palibe kanthu, nsapato zoyera za unesi ndidzagula ndine."

"Za kaunjika?"

"Zatsopano."

Anaganiza pang'ono. "Akakanyoza, nkhani yatha?"

"Yatha."

Ndinavomera msanga, chinthu chomwe sindichita ngakhale pogula tomato.

Palibe anatiitana ku yunivesiteko. Sitinkadziwa munthu, ngakhale khomo lolowera. Mabedishiti ndinawapinda mmene ndimadziwira, kuwapanikiza ndi bondo, kukulunga m'chiguduli, kumanga ndi chingwe mopingasa. Ndinavala jekete yabwino koposa mwa zomwe zinali zisanagulidwe. Njinga tinaisiya pa Mbulumbuzi n'kukwera minibasi, kondakitala n'kufuna kuti mtolowo ulipire ngati munthu. Anagonja tisanafike pa Namadzi.

Pageti mlonda anaona mtolo uli pamutu panga, n'kukweza dzanja.

"Mavenda panja."

"Achimwene, sitikugulitsa."

"Onse amatero."

"Izi ndi zojambula za mwanayu. Tikufuna aphunzitsi azione."

"Aphunzitsi ake ati?"

Dzina ndinalibe. Ndinayesa zonse, kumutchula bwana, kumufunsa kwawo, kumupezera ubale wa kwa agogo. Munthuyo anali pa ntchito yake, ndipo kunena zoona ine ndinkaoneka venda kuyambira chipewa mpaka nsapato. Mwana anandikoka jekete kuti tizipita.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, kunali kapinga wometa bwino, malo oti pa Mbulumbuzi tikanamenyerana. Ndinamufunsa mlonda ngati apo ndi pakenso. Anati apo ndi pa boma. Ndinatula mtolo, kumasula, n'kuyamba kuyala, miyala m'makona, zowala kutsogolo, zakuda kumbuyo.

"Amalume, mukundichititsa manyazi."

"Manyazi tawasiya ndi njinga. Gwira uko."

Ana a sukulu anayamba kuima. Anyamata a mabuku m'khwapa ankalozerana wokhoma ndowa wa pansalu, atsikana ankaseka mayi wopeta nandolo amene nkhuku ikumubera kumbuyo. Wina anafunsa mtengo wa nsalu ya msika wa Namitambo, ine pakamwa panatseguka pokha, mwana n'kundiponda phazi. Mnyamata wina wa penti m'zikhadabo anafunsa kuti wajambula ndani, atamva nkhani yathu anati tidikire.

Anabwera ndi mayi wina wamfupi, wa tsitsi lometa, magalasi ali pachingwe. Anati ndi amene amaphunzitsa zojambula. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri, koma mayiyo anangondipatsa moni n'kunjuta pa kapinga. Anadutsa nsalu zonse imodzi ndi imodzi. Kenaka anatola imodzi imene ine ndinaiika kumbuyo chifukwa inali yosawala: mwamuna akukankha wodwala pa njinga m'khonde la chipatala, akuoneka kumsana, mapewa atagwa. Aliyense wa kwathu akanadziwa kuti ndi alamu.

"Wajambula ndiwe?"

"Inde, amayi."

"Miyendo ya bamboyu ndi yaifupi. Ataimirira bwino, manja afika m'mawondo. Gudumu ili likupita kwina, linzake kwina. Khonde ili likupendekera kuti? Ndipo dothi lakoli likusweka, taona, likutsalira m'manja mwanga."

Anapitiriza choncho. Dzanja la wodwala, mthunzi wogwera mbali yolakwika, buluu wochuluka. Mawu abwino ngakhale amodzi sanatuluke. Mwana ankangoti inde amayi, inde amayi, mawu akunka nachepa. Ine ndinayesa kuponyapo kuti nsaluyo ndi thonje lenileni, mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndinatseka.

Anafunsa ngati wakhoza Fomu 4, n'kunena kuti iye sasankha anthu, amasankha ndi mayeso. Anaimirira nati, "Pali zambiri zoti uphunzire." Anayenda mpaka pageti nsalu ija idakali m'manja, n'kuzindikira, kubwerera, kudzaipereka.

Mu minibasi mwana anayang'ana pawindo njira yonse. Tikuyandikira Mbulumbuzi anati, "Anyoza, amalume. Nkhani yatha."

"Nsaluyo anaitula pansi?"

"Ayi."

"Nanga iwe tsiku lija unkanyoza mabedishiti anga, unkawafuna kapena sunkawafuna? Mayi uja akanati zokongola mwanawe, pitiriza, ndikanadziwa kuti tataya thiransipoti. Wanjuta pa kapinga ndi siketi yake yabwino, wawerenga zala za munthu wa dothi. Ameneyo wagula."

Mwana anamasula ngodya ya mtolo, n'kumayang'ana miyendo ya abambo ake.

Alamu tinawapeza pakhonde akupukuta nsapato. Sanafunse ine, anafunsa mwana wawo, podziwa amene sanganame.

"Anyoza?"

"Anyoza, ababa."

"Basi. Alamu, saizi ya nsapato mufunse amake."

Ndinati nsapato sindigula. Ndinafotokoza za wonyoza ndi woyamikira, za kunjuta, za nsalu yofika nayo pageti. Alamu anaika burashi pansi.

"Munavomera pamaso pa mlongo wanu."

"Ndinavomera."

"Ndiye mukubweza mawu?"

"Ndikubweza. Munandionapo liti ine nditaima pa mtengo woyamba?"

"Uku si kumsika. Uyu ndi mwana wanga."

Mawu anakwera. Anati ndine tambwali, ndikufuna mwana adzafanane nane, woyala nsanza m'mbali mwa msewu. Ndinati nsanzazo lero zaimitsa anthu ophunzira. Achemwali anati anthu akumva. Ndinali wokonzeka kukoka umalume wanga mpaka uduke, koma sunafunikenso. Mwana anagwada pafupi ndi abambo ake n'kutambasula nsalu ija. Alamu anali asanaionepo.

"Ababa, miyendo iyi ndi yaifupidi. Chaka chonse ndimaona kuti china chalakwika koma osadziwa kuti n'chiyani. Mayi aja angoyang'ana kamodzi. Ndikufuna ndikaphunzire kumeneko. Unesi ndilemba pachiwiri."

Alamu anayang'ana msana wawo pansalupo nthawi yaitali. Sanati inde. Anatola nsapato zawo n'kulowa m'nyumba. Pa fomu yofunsira malo mwana analemba zojambula pamwamba, amake ataima pambali.

Alamu sanandiyankhule mpaka nandolo anauma m'munda. Tikakumana panjira ankapatsa moni njinga yanga. Kutchalitchi kwawo nkhani inafala kuti malume wa kaunjika wasocheretsa mwana wanzeru, ndipo azimayi ena anasiya kugula kwa ine, ena n'kumabwera dala kudzandifunsa ngati zithunzi amazithira mchere. Ndinkawayankha kuti akafunse amene anajambula maluwa a pachitenje chomwe avalacho ngati amagona ndi njala. Ngati amagona nayo kapena ayi, ine sindinkadziwa.

Mayina a osankhidwa anawawerenga pa wailesi ine ndili pa Mbulumbuzi, wogulitsa mabatire atakweza mawu. Dzina lake litatuluka ndinali pakati pokangana ndi bambo wina za thalauza. Ndinangomupatsa pamtengo wake womwewo. Mpaka lero amandiyesa wodwala.

Tsiku lopita, sutikesi ananyamula ndi alamu, paphewa, mpaka pamsewu. Kuchipatala ankauza aliyense kuti mwana wawo ali ku yunivesite. Akafunsidwa kuti akuphunzira chiyani, ankati mukafunse amalume ake.

Mwana atabwera ku holide yoyamba ndinamufunsa za mayi uja, ndikuyembekeza kumva kuti ndinalasa. Ndinali nditafotokoza kale nkhaniyi m'misika yonse, nzeru zanga zikukula ulendo uliwonse.

"Amalume," anatero, "mayi aja amanyoza aliyense. Ngakhale amene akumulepheretsa amamugwirira pepala lake chimodzimodzi. Ndipo zinthu za anthu amayenda nazo chifukwa amaiwala. Ali ndi ambulera yanga."

Ndiye kuti tsiku lija ndinaswa pangano, kudana ndi alamu, kutaya makasitomala, zonsezo pa belo lomanga ngati ena onse. Ndinamupempha kuti abambo ake asamve. Anati anawauza kale, ndipo alamuwo anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Aseke. Atandibwezera pa mtondo uja lero, ndingalonjezenso n'kubwezanso mawu omwewo. Khirisimasi ya chaka chimenecho mwana anandilembanso pakhoma, miyendo yokwanira bwino, magudumu onse akuloza kumodzi. Pakamwa pokha anati sipafunika kukonza.