Madzi a Pansi pa Puloti ya ku Mbagala

M'chaka changa chachiwiri ku Dar es Salaam, ndikugwira ntchito pa kampani yoyeza nthaka anthu asanamange, abwana anandituma ku Mbagala. Mwini puloti anali bambo wachikulire wa ku Dedza, yemwe anayendetsa malole pakati pa doko ndi Lilongwe mpaka msana unakana. Ankafuna kumanga nyumba yosanja yoti madalaivala anzawo azigonamo.

Nditawapatsa moni m'Chiswahili, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Kwanu n'kuti, mwanangu?" Nditati ku Ntcheu anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Chiswahili tinachisiyira pomwepo.

Pulotiyo inali yotsetsereka. Kumunsi kwake udzu unali wobiriwira ngakhale mvula inali itasiya kalekale, ndipo zimenezo zinandidetsa nkhawa. Tinakumba maenje atatu. Kumtunda tinapeza mchenga wofiira, wouma bwino. Pakati panali dothi lakuda, lomata m'zala. Kumunsi, dzenje lisanafike m'chiuno, madzi anayamba kutumphuka.

Bambowo anagwada n'kuviikamo dzanja. "Mulungu wandipatsa ndi chitsime chomwe!"

Ine maso anali pa zimbudzi za anansi awo, zimene zinali kuseri kwa mpanda. Ndinatunga madziwo m'botolo kuti akayezedwe.

Zotsatira za dothi ndi madzi aja zitatuluka, abwana anati ndingozitumiza pa foni. Mtima sunalole. Ndinakwera minibasi ya daladala n'kukawapeza bambo aja akutchetcha udzu.

"Bambo, nyumba yosanja pano singakhalitse," ndinatero. "Dothi lakudali limafufuma mvula ikagwa, likauma limang'aluka. Makoma adzang'ambika. Madzi ajanso si akumwa."

Anakhala pa njerwa, n'kutulutsa m'thumba pulani yopindapinda imene anawajambulira mwana wawo wamkazi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonse zija ndinkagona pansi pa lole, udzudzu ukundidya," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna anzangawa azigona pabedi."

 Ndinawapempha kuti tikwere kumtunda. Tinayeza ndi tepi mbali youma ija, iwo atagwira uku ine uku, n'kuzikamo timitengo. Zipinda zinayi zinkakwana, popanda zosanja. Ndinawasonyezanso poyenera kudutsa ngalande.

"Ukanakhala iwe, ukanamanga?"

"Kumtunda kuno, inde."

Anapinda pulani ija n'kuibweza m'thumba. "Chabwino. Zinayi zomwezo."

Ndinapitakonso chaka chotsatira, m'nyengo ya mvula yaikulu. Kumunsi kuja madzi ankalekeza m'mawondo, ndipo nyumba ina yapafupi khoma lake linali litapendekeka. Zipinda zinayi zija zinali bwinobwino. Pakhonde dalaivala wina wa ku Mzimba ankasoka batani la malaya ake, akudikira kuti katundu atuluke padoko.

Bambowo ananditengera m'chipinda chilichonse, akugogoda makoma ndi chibakera kuti ndimve ndekha. Atatha anandigulira tiyi ndi chapati, n'kundikalipira kuti ndaonda.