Lailaki Watseka Zenera Lathu

Loweruka lapitali ndinayatsa getsi pabalaza teni koloko m'mawa, kunja dzuwa likuwala bwinobwino. Amuna anga, bambo a Thoko, anatsitsa nyuzipepala, nkuyang'ana getsi, nkuyang'ana zenera. Tonse tinkadziwa kuti mdimawo wabwera ndi lailaki wanga.

Kwa inu amene mwangofika kumene ku Toronto kuno, lailaki ndi chitsamba cha maluwa apepo. Amachita maluwa mwezi wa Meyi, masabata awiri okha, koma fungo lake, abale, limakupeza ngakhale uli pa siteji ya basi. Ine ndikachoka kuchipatala kumene ndimagwira unamwino, ndimaima kaye pachipata ndi chikwama m'manja, nkutsinzina. Pamenepo North York, dera lathu lino, amazimiririka. Ndimapezeka ndili pakhonde kwathu ku Ntcheu, mvula itangokata, mayi akundiitana kuseri kwa nyumba. Galimoto ikadutsa ndi pamene ndimadzidzimuka.

Ndinamugula zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, titangolowa m'nyumba ino. Kanali kamtengo ka m'chitini, kolekeza m'mawondo. Panthambi panali kapepala, ine ndinakadula osakawerenga. Kwathu ndani amawerenga kapepala pobzala duwa? Umangothyola kanthambi kwa mnzako, nkukazika m'mbali mwa khoma pansi pa zenera, kuti odutsa aone kuti m'nyumba muno muli mkazi. Chikakula kwambiri mbuzi zimakusadzira. Ndinaiwala kuti kuno kulibe mbuzi.

Komanso ndinene zoona: ndinalibe nazo ntchito zoti kadzakula bwanji. Tinabwera kudzakhala zaka ziwiri zokha, bambo a Thoko amalize maphunziro, basi tizipita. Kamtengo kakadzakula, adzaone ndi eni nyumba atsopano.

Lero kamtengo kaja kafika padenga, ndipo eni nyumba atsopanowo ndife tomwe.

Tsono Loweruka lomwelo tinakwera galimoto kupita ku nazale ina ya maluwa cha ku Oakville kukafunsa nzeru. Mwini wake ndi mkulu wina wochokera ku Holland, wa manja okhakhala ngati mlimi wa fodya. Ndinamufotokozera vuto langa. Iye anafunsa kuti zenera latalikirana bwanji ndi nthaka. Mafiti atatu. Nanga lailakiyo ndinamubzala kutali bwanji ndi khoma? Ndinamuonetsa ndi mkono. Anapukusa mutu, nkutola kapepala konga kaja ndinataya, nkundipatsa. Panalembedwa kuti msinkhu mafiti khumi ndi awiri, m'mbali mafiti khumi.

"Mayi," anatero m'Chingerezi, "chitsamba sitigula poona mmene chilili m'chitini. Timagula poona mmene chidzakhalire zaka khumi zikubwerazi. Pansi pa zenera lanu pakufunika potentila uyu, salumpha chiuno, ndipo maluwa ake achikasu amakhala chilimwe chonse."

Ndinafunsa ngati sindingangomusadza lailakiyo chaka chilichonse. Anati ndingathe, koma ndizidula nthambi zomwe zimabala maluwa, mapeto ake ndidzatsala ndi masamba okhaokha. Njira yabwino ndi kumuzula masamba akayoyoka, nkukamuoka pakati pa bwalo pamene angatambasuke. Koma mtengo wamkulu ukasunthidwa umanyanyala. Zaka zitatu osaonetsa duwa.

Kenaka anafunsa, mongocheza: "Kodi m'nyumbamo mukhalamo zaka zingati?"

Ndinayang'ana pansi. Funso limenelo m'banja mwathu sitilifunsa. Apongozi anga akalamba, ndipo kalata iliyonse yochokera kumudzi imathera pa mawu amodzimodzi: mubwera liti? Nanunso mukudziwa kuti masiku ano ena mwa ife kubwerera si nkhani ya tikiti yokha. Bambo a Thoko anakhosomola, nkuyankha kuti, "Ife ndife alendo, tikungodutsa."

Mkulu uja anaseka pang'ono. "Nanenso ndinabwera kudzangodutsa, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha."

 Pobwerera m'galimoto, potentila ndinamukhazika pamiyendo ngati khanda. Titayandikira kunyumba bambo a Thoko anati, "Mayi a Thoko, zoti tikatransplante zija, mukudziwa tanthauzo lake? Three years. Mukundisainitsa three years."

"Ine sindikukusainitsani," ndinatero. "Ndikungofuna kuwala pabalaza."

Ndinanama. Ndinkafuna zonse ziwiri, kuwalako ndi zaka zitatuzo, ndipo mtima unkandiwawa chifukwa chofuna.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife a kuno mwambi umenewu tinautenga ngati pasipoti. Lowani m'nyumba zathu muone masutikesi ali pamwamba pa wadirobu, fumbi lili mbuu, koma okonzeka. Mayi ena a kumpingo kwathu maluwa awo onse ali m'zitini, ati nthaka ya eni sabzalapo, chonsecho zitinizo zachita dzimbiri kawiri nkusinthidwa. Timasankha chilichonse pa msinkhu wa lero, ngati kuti zinthu zidzatidikira osakula mpaka tsiku lonyamuka. Nanga Thoko wanga, amene anabwera kuno ali kumsana, lero ndikamuitana amayankha kuti "Coming, Mum," iyeyo ndinamuwerengera malo?

Sindikunena kuti tileke kulota kwathu. Ine ndimalota ndili maso. M'sitima ya pansi pa nthaka ndimamanga nyumba ya njerwa zootcha moyang'ana phiri, ndimaika khonde lalitali, ndimabzala maluwa ofiira kuti ayange mpaka pamalata. Nyumba imeneyo ndaimanga ndi kuimasula kosawerengeka, ndipo kumeneko chitsamba chilichonse ndimachipatsa malo okwanira. Kuno kokha, kumene ndimagona ndi kudzuka, ndi kumene ndimabzala mothinana.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinali kukhitchini pamene ndinaona bambo a Thoko pabwalo, akadali mu suti yawo. Anaima pakhoma, nkuyamba kuyenda akuwerenga mapazi. Anafika pakati pa kapinga, anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumwamba, ngati akuona nthambi zomwe kulibe. Kenaka anatola kandodo nkukazika pansi ngati chizindikiro.

Ndinatuluka ndi manja onyowa.

"Apa," anatero osandiyang'ana. "Kapepala kaja kanati ten feet, eti? Ndawonjezera awiri. Amayi ndiwalembera ndekha."

Misozi inangotsika, sindinadziwe ngati ndi ya chimwemwe kapena ya maliro. Zaka zisanu ndi ziwiri amuna anga sanavomerepo kuti chaka chamawa tidzakhala tili kuno, ndipo tsopano avomera zitatu pakamodzi, chifukwa cha duwa.

Tsono inu anzanga amene mukupita ku nazale mwezi uno, kapepalako kawerengeni. Yezani zenera, yezani khoma, chachifupi chiikeni pafupi, chachitali chipatseni bwalo. Koma musanakumbe dzenje, khalani pansi awiriwiri mufunsane funso limene ife tinalizemba mpaka linatitsekera dzuwa: chitsamba chimenechi chikadzafika msinkhu wake, adzakhale akununkhiza maluwa ake ndani?