Sikimu ya a Husseni

A Husseni anaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina kwa Chowe mpaka ana omwe ankawaphunzitsa kale anayamba kubweretsa ana awo. Anali bambo wamfupi, wa kofia yoyera ndi njinga yopanda mabuleki. Chomwe ankanyadira kuposa njingayo chinali sikimu yawo, ndondomeko ija ya zomwe mphunzitsi adzaphunzitse sabata ndi sabata chaka chonse.

Sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala, aphunzitsi anzawo ankachita thukuta mu ofesi, kufufuta ndi kulembanso. A Husseni zimenezo ayi. Yawo analemba kamodzi kalekale, ndipo chaka chilichonse ankangokopera m'kope latsopano n'kusintha chaka pachikuto. Akatero ankakhala pakhonde n'kumadya nzimbe, uku akuwamvera chisoni anzawowo.

Tisawanamizire, sikimuyo inalembedwa mwanzeru. Lachisanu zovuta zonse zinkathera m'mawa kuti anthu akapeze swala ya Juma kumzikiti. Masabata oyamba a chaka munali zobwereza zokhazokha, poti anyamata ochokera ku jando amabwera mochedwa, mapewa ali m'mwamba. Phunziro lophika chakudya cha magulu asanu ndi limodzi analiika mu Malichi, kutali ndi Ramadhani, nyengo yosala kudya, imene masiku amenewo inkagwa mu Juni. Koma Ramadhani imatsata mwezi wakumwamba, ndipo chaka chilichonse imafulumirako pang'ono. Kumzikiti a Husseni ankazidziwa bwino zimenezi. Akafika pa sukulu ankaziiwala.

Chaka chimenecho Sitandade 1 inalibe mphunzitsi wokhazikika. Ahedi, a Dinala, ananeneratu kuti yemwe mlangizi wa maphunziro adzamupeze akuphunzitsa zosiyana ndi sikimu yake ndi amene akatenge kalasilo. Sitandade 1 inali pansi pa mtengo wa mango, ana osawerengeka, wina akulira, wina akufuna kukataya madzi, wina wataya nsapato. A Husseni ankaiopa kuposa ng'ona.

Mlangizi, a Rabson, anatumiza uthenga kuti abwera Lachiwiri. A Husseni atatsegula kope lawo anapeza kuti Lachiwirilo ndi lophika, ndipo Ramadhani inali pakati. Kudumpha phunzirolo kunali kudzipereka okha ku mtengo wa mango.

M'mawa akumangirira usipa, mpunga ndi anyezi pa njinga, akazi awo a Sakina anaima pakhomo.

“Bambo, zimenezo mukupita nazo kuti dzuwa lisanalowe? Kodi mwasiya kufunga?”

“Sindinasiye. Sikimu yatero.”

“Sikimuyo imaswali mzikiti uti?”

A Husseni anangopalasa njinga yawo.

Phunziro linayamba bwino. A Rabson anakhala kumbuyo ndi cholembera, a Husseni n'kukoleza mbaula pakhomo pa kalasi. Anyezi atangogwa m'mafuta, fungo linadzaza kalasi lonse. Ana ambiri anali osala, ndipo chiyambire mbandakucha anali asanalawe ngakhale madzi. Mtsikana wina, Abiba, anadziphimba mphuno ndi hijabu. Anyamata akumbuyo ankayang'ana kudenga ngati kuli mayeso. A Husseni nawonso m'mimba munkalira, koma anapitiriza kufotokoza ubwino wa usipa m'thupi. Mchere anathira mongoganizira poti kulawa sakanatha, ndipo atakayika anawonjezera, kenako anawonjezeranso.

Tsono sikimu inkati pomaliza ophunzira alawe n'kunena maganizo awo. A Husseni anazungulira ndi mbale mzere ndi mzere. Ngakhale ana achikhristu anapukusa mitu, pochita manyazi ndi anzawo. Munthu yekhayo wotsala anali mlendo.

“Bwana, tilawireni m'malo mwa ophunzira.”

A Rabson anatapa supuni imodzi, maso a kalasi lonse akuiperekeza mpaka kukamwa. Mcherewo unawatulutsa misozi. Anameza movutikira, dzanja n'kupita lokha ku botolo la madzi, koma ataona milomo youma ya anawo analibweza m'chikwama. Anakhala choncho mpaka belu.

Mu ofesi mlangiziyo anayamba wamwa madzi, kenako analankhula.

“Sikimu aitsata ndithu, a Dinala, sanaphonye ngakhale mzere umodzi. Chinanso n'chakuti ana sanamvepo kanthu, ankangomva fungo.”

A Husseni anamva mawu oyambawo okha, nkhope n'kuwala. Anayamba kufotokoza kuti sikimu yabwino sisinthidwa wamba, koma a Dinala anawadula mwaulemu.

“Shehe wanga, sikimu yanuyi ndi yamphamvu, sitingaiononge. Lolemba mukayambe Sitandade 1. Kumeneko ana safunga, mukhoza kuphika mwezi uliwonse.”

Mpaka lero mukadutsa pa sukulupo muwapeza pansi pa mango, kofia itapendekeka, akuimbitsa a, e, i, o, u. Seputembala akafika amakhala oyamba kulowa mu ofesi ndi kope latsopano, ndipo salemba kanthu asanafunse kumzikiti kuti mwezi uoneka liti.