Umboni umene unadzera mwa mwana wanga

Galimoto itasiya msewu wa tala n'kukhotera m'kanjira kathu kamchenga, ine ndinali ndikuyanika chinangwa pathandala, mwana ali kumsana. Inali yoyera, yaitali, yamatayala akuluakulu. Imene inatenga amuna anga ndi achimwene anga inalinso yoyera.

Mwezi wa m'mbuyo mwake anthu amfuti ovala yunifolomu anawapeza awiriwa akuvuula ukonde pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, n'kuwakweza m'galimoto, ati wina anawanenera kuti amabisa mfuti yophera nyama m'nkhalango. Mfuti! Amuna anga omwe akamazinga nkhuku amayang'ana kumbali. Patapita masiku iwo anabwera okha, akuyenda ngati akuponda makala amoto, kukhala pansi kosatheka. Achimwene sanabwere. Amayi anazungulira maofesi kuboma mpaka zidendene kung'aluka, konseko yankho limodzi: munthu ameneyo sitikumudziwa. Wodziwa anali mmodzi yekha, m'nyumba mwangamu, koma ukangofunsa kuti alamu anu munawasiya kuti, ankatembenuzira nkhope kukhoma.

Ndiye ndinathamangira m'nyumba, mwana akugwedezeka kumsanaku.

"Bambo a mwana, abweranso!"

Iwo anali chafufumimba pamphasa, monga ankagonera masiku onsewo. Kuthawa sakanatha. Ndinakoka ukonde wakale wa usipa n'kuwafunditsa, pamwamba ndinaponya zitenje, dengu, chilichonse chimene dzanja lagwira, koma mapazi otupawo ankaonekabe, ndiye ndinawavindikira ndi beseni.

"Odi kuno!"

Panja panaima mayi wonenepa wamagalasi, nsapato zake zosongoka zikumira mumchenga, akuzizula imodziimodzi. Ndinayang'ana m'chiuno mwake, munalibe mfuti. Ndinasuzumira m'chikwama chake, munali botolo la madzi ndi nthochi ziwiri. Koma ndinati mwina masiku ano amatuma azimayi kuti tisathawe.

"Amuna anga kulibe," ndinatero asanafunse n'komwe. "Apita ku Benga kukagula mbedza."

Nthawi yomweyo beseni linagwa m'nyumba, kenako chifuwa. Fumbi la usipa wakale linali litawalowa.

"Ndi mphaka," ndinatero.

"Mphaka wanu amasuta fodya, achemwali?"

Anakhala pakhonde n'kuvula nsapato n'kumakutumula mchenga. Anati iwo ndi a bungwe loona za ufulu wa anthu, ntchito yawo ndi kufufuza za anthu omenyedwa ali m'manja mwa owagwira, ndi amene anatengedwa osabwereranso. Anati dzina la achimwene analimva kwa amayi anga omwe, tsiku lina atawapeza akulira pakhonde la ofesi ina kuboma. Ine ndinkangoyang'ana dalaivala wawo. Anali atatsika kale, akutsutsana mtengo wa mpasa ndi anansi athu. Munthu wodzagwira anthu sayamba ndi kununkhiza nsomba. Mtima unatsikako pang'ono.

Tinawafukula bambo a mwana mu ukondemo, mamba a usipa ali mbuu m'tsitsi. Anakwawa mpaka pakhomo. Ndipo amayi anatulukira kuchokera kumunda wa mpunga, khasu lili paphewa, atamva kuti kwabwera galimoto.

Ife timakhala kwathu kuno, pakhomo pa amayi, amuna anga ndi mkamwini. Ndipo kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira mmodzi amalowa patchire. Chikwatirire changa awiriwa sanadyerepo pamodzi, sanakhalepo pamphasa imodzi. Kukakhala mawu oti auzane, ankatuma ine, koma chibadwire mwanayu anapeza njira yachidule. Amayi amaima kuseri n'kunena kuti, "Mwanawe, uwauze abambo ako kuti denga likudontha." Iwo n'kuyankha kuti, "Uwauze agogo ako kuti udzu ndamweta kale." Mwana mwiniwakeyo ali ndi mano awiri, akungoyamwa chala.

Mayi wamagalasi uja anakulira m'tauni. Anayala mphasa yekha, mwaulemu ndithu, n'kuomba m'manja.

"Eya, zakhala bwino nonse mulipo. Amayi khalani apa, abambo apa, moyang'anana, tikambirane."

Khasu linagwa. Amayi ndinangoona chitenje chikuzimirira kuseri kwa bafa. Bambo a mwana, munthu amene mwezi wonse ankalephera kufika kuchimbudzi popanda kumugwirira, anabwerera chambuyo ngati nkhanu mpaka mu ukonde muja.

"Ndalakwa chiyani?" anafunsa mayiyo, magalasi ali m'manja.

Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Kenako anati chabwino, zathandizanso, poti lamulo la ntchito yawo ndi lakuti mboni iziyankhula payokha, popanda achibale kumvetsera. Amayi apite kaye kwa anansi.

Mawu a amayi anachokera kuseri kwa mpanda wa bango wa bafalo: "Mwana akusowayo munabereka ndinu?"

"Ayi, amayi, koma..."

"Ndiye ine ndili pompano. Sindikuona munthu, sindikuonedwa ndi munthu."

Mayi uja anapuma kwambiri, n'kudya nthochi imodzi. Atatha anagwada pakhomo n'kuyankhula ndi ukondewo. Anati, "Abambo, sindingakukakamizeni. Mukakana ndikwera galimoto ndizipita. Koma amene munawaona alamu anu komaliza ndinu nokha. Ine zitseko ndimadziwa kugogoda, koma sindikudziwa kuti ndiyambire chiti."

Ine thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti galimoto ija ikangotembenuka basi, achimwene apita ngati mwala woponya m'nyanja. Ndinamasula mwana n'kukhala naye pakati, pakhomo pali kuno, mpanda uli uko, osadziwa kuti ndikuchitiranji.

Amayi ndi amene anayamba.

"Mwanawe. Uwauze abambo ako kuti ine khosi lawawa ndi kuyang'ana kumsewu. Ngati amalume ako anafa, anene, ndimete."

Kenako ukonde unagwedezeka, mutu unatuluka.

"Uwauze agogo ako kuti asamete."

Mayi wamagalasi anatulutsa foni msangamsanga. "Abambo, mukulola kuti ndijambule mawu anu?"

"Ine ndikuyankhula ndi mwana wanga. Wofuna kujambula ajambule."

Anaika foniyo pamphasa pafupi ndi mwana, mwana n'kuitola n'kuilowetsa m'kamwa. Tinalanditsa, anaipukuta ndi mpango, anaigwira m'mwamba ngati akuthawitsa nyama kwa galu.

Ndipo bambo a mwana anayamba, maso ali pa mwanayo basi. Anamuuza za chipinda chopanda zenera chimene anawatsekeramo. Anamuuza kuti anawavula zovala zonse. Pofika apo anati, "Izi usawauze agogo ako," ndipo kumpanda kunamveka kuti, "Uwauze kuti sindinamve." Anamuuza za paipi yamadzi yodula imene ankawamenya nayo kumapazi ndi kumbuyo, akufunsa za mfuti imene sanaionepo. Mayi uja ankafunsa mwakachetechete kuti anali angati, anavala zotani, ankaitanana mayina otani, ndipo ankayamba wayang'ana kwa mwana, mpaka anazolowera n'kumanena yekha kuti, "Mwanawe, tawafunsa abambo ako ngati panali wina wowalamula."

Tsono mwana ndi mwana. Anafuna bere, ndinamupatsa, ndipo pamene bambo ake ankati, "Tsiku lomaliza anatitulutsa tonse awiri," ndinamva kathupi kakulemera. Wagona.

Iwo anasiya pomwepo.

"Pitirizani, abambo," anatero mayi uja.

"Wagona. Ndiuze ndani?"

"Uzani ine."

"Inu si mwana wanga."

Mulungu wanga! Ndinamugwedeza, osadzuka. Ndinamuuzira mpweya kumaso, anangomwetulira m'tulo. Amayi kuseri kuja akuti, "Wamugonetseranji iwe, mwana ali pantchito?" Ndinasolola bere m'kamwa mwake mwamphamvu, ndipo kulira kumene analira, nkhuku zinathawa pabwalo.

M'phokoso limenelo ndi mmene bambo a mwana ananenera chimene chinawatseka pakamwa mwezi wonse. Mwina kulirako kunawathandiza, sindikudziwa. Mayi uja anachita kugona pansi n'kufikitsa foni pakamwa pawo. Ine ndinamva chifukwa ndinali pafupi. Anati anthu aja anawapatsa paipi ija n'kuwalozera alamu awo, mfuti ili pakhosi, ati menya mnzako aulule. Ndipo anamenya. Ankamenya mofewa, anthu aja anazindikira, anawalanda paipi n'kumenya okha mpaka mkono wa achimwene unathyoka.

"Uwauze agogo ako," anatero, "kuti dzanja langali linamenya mwana wawo. Ngati akundithamangitsa pamudzi pano, ndamva."

Mwana anali atatonthola, akusewera ndi mkanda wanga. Ine maso ali kumpanda. Ndinkaona zala za amayi zitagwira bango.

"Uwafunse abambo ako. Pomusiya, amalume ako ankapuma?"

"Uwauze kuti ankapuma. Mkono utatupa anawakweza galimoto ina yotseka kumbuyo, ndinamva akuti apite nawo kuchipatala cha kumpoto, kupitirira Dwangwa, kumene sadziwika. Pokwera ankatukwana."

"Ankatukwana ndani?"

"Onse. Ndi azimayi awo omwe."

"Ndiye ndi mwana wanga ameneyo, ali moyo!" Amayi anaiwala n'kutulukira mutu pampanda, anakumana maso ndi mkamwini wawo, onse awiri anakuwa, aliyense n'kubwerera kwake. Kenako tinamva kuti, "Mwanawe, uwauze abambo ako kuti wowathamangitsa palibe. Denga likudonthabe."

Panatsala zithunzi. Mayi uja anati mabala ayenera kujambulidwa asanapole, ndi umboni. Kumapazi analola. Kumbuyo anakanitsitsa, ati mkazi wa eni sangaone kumeneko ngakhale atachokera ku likulu. Ndiye foni anandipatsa ine, anandionetsa podina, n'kutitsekera chitseko. Ndinadina, ndinadina, ndinatuluka nayo. Anayang'ana n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Zithunzi zonse zinali nkhope yanga, diso limodzi lotsinzina, lilime lili panja. Ananditembenuzira kamera, ndinalowanso, bambo a mwana akudandaula kuti ngakhale anthu amfuti aja sanawavule kawiri tsiku limodzi.

Madzulo asanafike galimoto inanyamuka kulowera kuchipatala kuja, amayi ali kutsogolo pafupi ndi dalaivala, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, mpasa wa dalaivala uli pamiyendo. Mayi wamagalasi anandiuza kuti wina aliyense akabwera kudzatiopseza ndimuimbire, ndipo ndinasunga nambala yake m'mutu ndi m'foni ya anansi. Masiku otsatirawo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkagwira beseni.

Kuchipatala kuja anapeza namwino amene ankakumbukira wodwala wotukwana wa mkono wothyoka, wobwera ndi omulondera. Kuchokera apo anatsata mpaka kundende ina kutali, kumene achimwene ankasungidwa osaonekera kukhoti, popanda wotiuza. Mayi uja anagogoda zitseko zake zija mpaka anawatulutsa pa belo. Mlandu wa anthu amene anawamenya ukuyendabe, amatiitana, timapita, amati mubwerenso.

Tsiku limene achimwene anafika, ataonda ngati bango, mkono utapindika, bambo a mwana anakabisala kuseri kwa nkhokwe. Achimwene anawalondola komweko, ife tikutsatira m'mbuyo, mitima ili m'mwamba.

"Alamu! Tulukani. Inu ndi munthu wotani, kumenya ngati mukuphera mwana udzudzu? Mukanamenya zenizeni bwenzi mkono wangawu uli wowongoka. Tsopano muzipalasa bwato nokha, ine ndizingokhala kutsogolo n'kumakulozerani."

Bambo a mwana anatuluka akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo m'mawa mwake anapitadi kunyanja awiriwo, wina akupalasa, wina akulalata.