Bambo Woima Kunja kwa Mpanda

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndiyamika Mulungu amene watisunga kufikira lero, ndiyamikanso inu popatula nthawi yowerenga. Nkhani iyi si yotsekemera. Ndailembera munthu amene wapemphera mpaka mawu kutha, koma kumwamba kuli zii.

Valentino anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Kwawo kunali ku Vubwi, koma monga mwa mwambo anakamanga kwa mkazi wake, Eneless. Anaumba yekha njerwa, namanga nyumba ya malata. Mulungu anawapatsa ana awiri, Mwandida ndi mlongo wake wamng'ono, Timothy.

Dzinja lina Eneless anadwala, ndipo chimanga chisanakhwime anamwalira.

Atatha kumeta maliro, Osward, mlongo wake wa malemu, anaitanira Valentino pabwalo kuti amusudzule.

"Alamu, takumasulani," anatero Osward. "Munatisungira bwino mlongo wathu. Njira ya ku Vubwi mukuidziwa."

"Nanga ana?"

"Ana ndi a mbumba yathu. Munabwera nokha, alamu. Mupitenso nokha."

Anamupatsa bulangeti lake, khasu ndi njinga. Maluwa a pamanda asanaume, Osward anali atasamukira m'nyumba ya malata ija.

Valentino sanapite ku Vubwi. Kunali kutali ndi ana. Anaima pa Katete, nayamba kugona m'makonde a masitolo. Munthu amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi anasiya ngakhale kupempherera chakudya.

Mwini sitolo wina, a Salimu, Msilamu wachikulire wobadwira ku Malawi, anamulemba ganyu yoperekera anthu matumba a feteleza panjinga. Lamulungu lina anamupeza atangokhala tsonga pakhonde.

"Ife Lachisanu tinatseka sitolo kupita kumzikiti," anatero a Salimu. "Inu lero mukudikira chiyani pano?"

"Ine ndi Mulungu sitilankhulana, a Salimu."

"Wakulakwirani?"

"Kwambiri."

"Ndiye mukundiuza ine? Pitani kunyumba kwake mukamuuze mwiniwake. Pano mukungondithawitsira makasitomala ndi nkhope imeneyo."

Anapitadi. Anakhala pabenchi lakumbuyo, ndipo sanaimbe nawo. Pemphero lake linali lalifupi: "Mwanditengera mkazi, nyumba ndi ana. Ndabwera kuti mudziwe kuti ndakwiya."

Sanamve liwu lililonse. Koma mlaliki tsiku limenelo analankhula za Yesu, amene anakanidwa ndi anthu ake, natulutsidwa kunja kwa mzinda kuti akafere kumeneko. Valentino analira, koyamba chiikire maliro. Anazindikira kuti amene ankamuimba mlanduyo akudziwa kuwawa kwa kuima kunja.

Mkwiyo sunathe tsiku lomwelo, koma mphamvu zinabwera m'manja. A Salimu anamubwereka kachigawo ka dimba kudambo. Tomato woyamba anapsa ndi matenda. Wachiwiri anadyedwa ndi mbuzi za anthu. Anadzalanso. M'kupita kwa nthawi anapeza thebulo lake pamsika, kenako kanyumba ka lendi.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapalasa njinga kupita ku Mkaika, atanyamula sopo, shuga ndi makope a kusukulu. Osward ankalandirira zinthuzo pampanda, osamulola kulowa. Ana ankabwera kudzagwada ndi kupereka moni ngati kwa mlendo. Tsiku lina anamva Timothy akuuza anzake kuti, "Abwera abambo a sopo aja." Pobwerera Valentino sanathe kupalasa, anakankha njinga njira yonse, akulankhula ndi Mulungu mawu amene sindingawalembe pano. Koma Lamulungu linalo anapitanso.

Kenako kunagwa chilala. Chimanga chinauma chisanamasule ngayaye, ndipo m'midzi nkhokwe zinayera. Valentino anamva kuti Osward wavomera kukwatitsa Mwandida, amene anali akungomaliza pulayimale, kwa bambo wina wa ng'ombe, kuti pakhomo papezeke chakudya.

Mtima unamuuza kuti akatukwane, akamenye. Anagwada m'dimba, pakati pa mizere ya anyezi, napempha chinthu chimodzi: kuti Mulungu amugwire pakamwa. Atadzuka anagulitsa mbewu zake zonse, nagula chimanga, nachikweza pangolo. Sichinali cha ana okha. Chinali chokwanira banja lonse la Osward.

"Mwabwera kudzatiseka ndi njala yathu?" anafunsa Osward pampanda.

"Ndabwera kudzapempha, alamu, monga ndichitira masiku onse. Chimangachi ndi chanu, mundipatse mwana kapena mundimane."

Osward anayang'ana matumba a chimangawo.

"Mtsikanayo mtengeni, akaphunzire," anatero potsiriza. "Koma Timothy ayi. Mbuzi aziweta ndani?"

Lero Mwandida ali kusekondale ku Katete, akukhala ndi bambo ake. Nyumba ija sinabwezedwe. Timothy akali ku Mkaika, ndipo bambo ake akupemphabe. Nditamufunsa Valentino ngati zimenezi akuzitcha yankho la pemphero, anati, "Mulungu sanandibwezere zonse, ndipo zina sindizimvetsa mpaka lero. Koma pampanda paja sindinaimepo ndekha."

Inu amene mwalandidwa chimene munachigwirira ntchito ndi thukuta lanu, sindikulonjezani kuti mawa chibwerera. Ndikuti musathawe Mulungu chifukwa mwamukwiyira. Pitani nawo mkwiyowo kwa Iye. Saopa misozi, saopanso mawu owawa. Osataya mtima, ngakhale mwalandira theka lokha la chimene munapempha.

Ambuye amene amaona amasiye akuoneni inunso. Akugwireni dzanja pamene mwaima kunja, akupatseni mphamvu ya kubweranso mawa, ndipo akusungireni amene mukuwalirira kufikira tsiku lowakumbatira. Ameni.