Njinga Imene Towera Ankakana Kukwera

Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Uliwa, moyang'anizana ndi siteji ya akabaza, ndiye zochitika pamsewu ndimaziona ngakhale ndisakufuna. Mwa anthu onse odutsa pamenepa, palibe amene anandisowetsa mtendere ngati Yotamu. Munthuyu sadziwa kukhala pansi. Akabwera kudzasoketsa buluku amangoimirira, makiyi akuzungulira pachala, phazi likugunda pansi, ndipo usanalowetse n'komwe ulusi m'singano wafunsa kale kuti, "Mwamaliza?"

Kwa zaka zambiri Yotamu ankayendetsa minibasi pakati pa Uliwa ndi ku Boma. Anali dalaivala weniweni, zimenezo sindingakane. Ankadziwa dzenje lililonse mumsewu ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Koma pakamwa pake! Akabaza a njinga zamoto ankawatcha udzudzu, ndipo akamawapitirira ankatulutsa mutu pawindo n'kuwafunsa ngati kwawo mabokosi a maliro ndi aulere. Mkazi wake Towera akamapita ku Boma ankakhala mpando wakutsogolo, chigongono pawindo, ndipo kondakitala ankadziwa kuti mpando umenewo sagulitsa.

Kenako mwini minibasi anaigulitsa. Yotamu anayesa kukhala pakhomo, koma akuti anazungulira nyumba mpaka udzu unapanga kanjira. Anakonza chitseko chimene sichinawonongeke, anakangana ndi wailesi, anathamangitsa mbuzi za eni ake. Tsiku lina tinangomuona akufika pasiteji atakwera njinga yamoto yofiira yogula kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumalire, pulasitiki idakali pampando. Udzudzu unawonjezekera ndi umodzi, ndipo akabaza anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mlandu weniweni unayambira pakhonde langa. Towera anabwera kudzayesa diresi, ndipo Yotamu anaimitsa njinga patsogolo pathu, akuliza hutala ngati tili kutali.

"Anyina Khumbize, kwerani ndikakutuleni," anatero Yotamu, pomuitana ndi dzina la mwana wawo monga amachitira kuno.

Towera anayang'ana njingayo, kenako mwamuna wake. "Laisensi ya njinga muli nayo, awiske Khumbize?"

Yotamu anasolola kakhadi m'thumba n'kukakweza m'mwamba. "Nanga iyi n'chiyani? Munthu wonyamula minibasi yodzaza ndi anthu ndingalephere kanthu ka matayala awiri?"

"Iyo ndi ya galimoto," anatero Towera. "Ine yayi, sindikwera."

Sikuti mayiyu ndi wamwano. Mlongo wake Lughano anaphunzira njinga masana amodzi pabwalo la mpira, m'mawa mwake n'kuyamba kunyamula anthu, ndipo lero amayendera ndodo ziwiri. Towera ndi amene ankagona pansi kuchipatala akumudikirira. Ndiye anapinda diresi lake, anawoloka msewu, n'kukakwera njinga ya Allan, kabaza amene aliyense ankadziwa kuti anapita kusukulu yoyendetsa ndipo amayenda ndi mahelemeti awiri. Allan anachita manyazi, koma kasitomala sakanidwa. Yotamu anatsala ndi kakhadi kake m'manja, siteji yonse ikumuyang'ana.

Kuyambira pamenepo munthuyo anasowa tulo. Anthu ena onse ankakwera njinga yake: aphunzitsi, amayi a mpunga a ku Wovwe, ngakhale abusa. Koma mkazi wake yekha ankadutsa pamaso pake ali kumbuyo kwa mwamuna wina, ndipo chimenechi chinkamudya kuposa njala. Ankabwera pakhonde langa kudzadandaula, osakhala pansi.

"Adada, mundiuze. Wapolisi wapamsewu akuti laisensi yanga siigwira ntchito panjinga. Akuti njinga ili ndi khodi yake. Ndiyambe ndatenga ya ophunzira, ndilembe mayeso a zikwangwani, ndipite kusukulu, kenako akandiyese kuyendetsa. Ine! Zikwangwani zimenezo ndinaziloweza wapolisiyo asanamere mano."

Ndinamuuza kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Anandiyankha kuti telala azisamala za masiketi. Zinandipweteka, sindinama, ndipo buluku lake ndinalichedwetsa dala.

Chimene Yotamu sankafuna kumva n'chakuti thupi lake linali lidakali m'minibasi. Pagalimoto, ukakhota n'kuwongola chiwongolero, indiketa imazima yokha. Panjinga imangophethira mpaka utaizimitsa ndi chala. Manja a Yotamu anali asanazimitsepo indiketa moyo wake wonse, ndipo kangapo konse tinkamuona akudutsa pasiteji kanyali kakuphethira, iye ali njo, akupita molunjika. Akabaza akamukuwira, ankawakwezera dzanja poganiza kuti akumupatsa moni.

Tsiku lina masana ankachokera ku Wovwe atanyamula thumba la mpunga. Chingwe chitamasuka, anayatsa indiketa ya kumanzere, anapatuka, anamanganso thumba n'kubwerera mumsewu. Kanyali kanapitiriza kuphethira. Pamphambano ya pafupi ndi siteji panali minibasi ikudikira kulowa mumsewu waukulu, woyendetsa wake Lyson, mnzake wakale wa Yotamu. Lyson ataona indiketa anadziwa kuti njingayo ikukhotera kumene iye akuchokera, ndiye analowa.

Ndinaona zonse ndi maso angawa. Yotamu anaponda buleki ya phazi mwamphamvu monga amachitira pagalimoto, dzanja osakhudza n'komwe buleki yakutsogolo. Tayala lakumbuyo linakwekwereza, njinga inatembenuka n'kugona, munthu uko, thumba uko. Mpunga unamwazika patala ponse, ndipo nkhuku zinafika anthu asanafike.

Anadzuka mkono utasupuka, magazi akuchucha, koma pakamwa pali bwinobwino. "Lyson! Maso unasiya kunyumba?"

Lyson anatsika n'kuthamangira pomwepo. "Akulu, mwandiuza nokha kuti mukukhota."

"Ndakuuza ndi pakamwa pati?"

Lyson anangoloza njingayo. Njinga ili chigonere m'mphepete mwa tala, injini itazima, koma kanyali ka kumanzere kakuphethirabe. Yotamu anakayang'ana nthawi yaitali. Iye anali dalaivala, ankadziwa kuti akanakhala pampando wa Lyson naye akanalowa. Aka kanali koyamba kumuona ataima malo amodzi osagwedeza phazi. Kenako ananena motsitsa mawu, kwa ine kapena kwa iye mwini sindikudziwa: "Pamene pali thumbapo pakanakhala anyina Khumbize."

Towera anamutsuka balalo osanena chilichonse. Ine ndikuganiza kuti akanamukalipira zikanamupepukira.

Mkono utangouma, Yotamu anakwera minibasi ya Lyson yomweyo kupita ku Boma kukalembetsa sukulu. Anakhala pabenchi ndi achinyamata ofanana ndi ana ake, akubwereza zikwangwani mokweza. Pabwalo ankamuzungulitsa pakati pa timapipa ndi liwiro la nkhono, ndipo kwa munthu ngati iye chimenecho chinali chilango choposa kugwa. Anamuphunzitsa kugwira mabuleki onse awiri pamodzi, kucheuka asanakhote, ndi kuzimitsa kanyali kaja. Madzulo akabwerera ankaima pakhonde langa chala chachikulu chakumanzere chikungodina mphepo.

Mayeso oyamba analephera. Anayendetsa bwino kwambiri, anafika pamzere woimira, anaima mwaulemu wonse, n'kuiwala kuti njinga siima yokha. Sanatsitse phazi. Anagwa pang'onopang'ono pamaso pa womuyesa ngati nthochi yodulidwa. Atandiuza ndinaseka mpaka ndinadzibaya ndi singano, koma iye sanaseke. Ankaopa kuti Towera akamva atsimikiza kuti njinga si yake. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulendo uno sanatchule za masiketi.

Ulendo wachiwiri anakhoza. Kakhadi katatuluka sanadikire kufika kunyumba. Anapeza Towera pakhonde langa, atavala zoyera ndi zakuda, akupita kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi. Allan anali atayatsa kale njinga kutsidya. Yotamu sanalize hutala. Anatsika, anapereka kakhadi ndi manja awiri, pamodzi ndi helemeti yatsopano.

Towera anawerenga kutsogolo ndi kumbuyo, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwini wake. Kenako anakwezera Allan dzanja. "Ndaga, achimwene, zikomo. Lero pitani."

Anavala helemeti pamwamba pa duku n'kukwera. Siteji yonse inatembenukira kwa iwo. Yotamu anayatsa indiketa ya kumanja, anacheuka, analowa mumsewu pang'onopang'ono. Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso. Ine ndinaimirira, nsalu inagwa pansi. Ndinaona dzanja la Towera likunyamuka kuti limugunde paphewa kumukumbutsa.

Lisanafike, kanyali kanazima. Dzanjalo linaima m'malere pang'ono, kenako linatera paphewa la Yotamu, ndipo linakhala pomwepo mpaka anabisika pakhona.